Mbiri ya William Ladd, Tate wa Maopaleshoni a Ana

Mawu Oyamba

Anthufe timakonda nkhani zoonetsa kuti moyo wa munthu udatembenuka tsiku limodzi. Tikamafotokoza mbiri ya munthu wotchuka, timafunafuna tsiku limene adaona zoopsa kapena zodabwitsa, kenaka timanena kuti kuyambira pamenepo adasanduka munthu wina. Mbiri ya William Edwards Ladd, dokotala wa ku America amene ambiri amamutcha tate wa maopaleshoni a ana, nayonso ili ndi tsiku lotere. Tsikuli ndi 6 Disembala 1917, pamene sitima yapamadzi yonyamula zida zankhondo idaphulika padoko la Halifax ku Canada. Olemba ambiri amati Ladd ataona ana ovulala kumeneko ndi pamene adaganiza zopereka moyo wake wonse ku ntchito yochiritsa ana.

Nkhani ino ikufotokoza moyo wa Ladd ndi ntchito imene adagwira pa matenda a m'mimba ndi m'chifuwa mwa makanda ndi ana. Ikuonetsanso kuti luso lake silidabadwe pa tsiku la ngoziyo. Lidakula pang'onopang'ono m'zaka 35 zimene adakhala pachipatala chimodzi, akuyang'anitsitsa matupi a ana, amoyo ndi omwalira omwe, kufuna kudziwa chimene chinkawapha.

Kubadwa ndi Maphunziro Ake

William Ladd adabadwa pa 8 Sepitembala 1880 m'tawuni ya Milton, kufupi ndi mzinda wa Boston m'chigawo cha Massachusetts. Makolo ake adali opeza bwino, motero sadavutike kupeza maphunziro. Adalowa sukulu ya ukachenjede ya Harvard komwe adatenga digiri yake yoyamba mu 1902. Ali pasukulupo ankapalasa nawo bwato pa mipikisano ya ophunzira. Mu 1906 adamaliza maphunziro a udokotala pa Harvard pomwepo, ndipo adakaphunzira ntchito ya opaleshoni pachipatala cha Boston City Hospital. M'zaka zoyambirira ankachita maopaleshoni a anthu akuluakulu monga ankachitira madokotala anzake. Mu 1910 adayamba kugwiranso ntchito pa Children's Hospital, chipatala cha ana cha mumzinda womwewo, chimene chidakhazikitsidwa mu 1869.

Kuti timvetse zimene Ladd adapeza pachipatalachi, tiyenera kukumbukira mmene zinthu zidalili nthawi imeneyo. Mankhwala ogonetsa munthu pochita opaleshoni adalipo kale, pakuti mankhwala a ether adaonetsedwa poyera mu Boston momwemo mu 1846. Koma mankhwala opha tizilombo toyambitsa matenda, monga penisilini, kudalibe. Kuika munthu magazi kudali kovuta komanso koopsa. Madokotala sankadziwa bwino kuchuluka kwa madzi ndi mchere zimene khanda lodwala liyenera kulandira. Mipeni, zopanira ndi ulusi zidapangidwira matupi a akuluakulu. Dokotala wa opaleshoni ankaona mwana ngati munthu wamkulu amene wangochepa msinkhu, ndipo ankamuchita zomwe akadachita kwa bambo ake.

Maganizo amenewa adaphetsa ana ambiri. Khanda lobadwa kumene lolemera makilogalamu 3 limakhala ndi magazi pafupifupi mamililita 250, osadzaza n'komwe botolo la Fanta. Magazi amene munthu wamkulu angataye osazindikira, kwa khanda ndi imfa. Thupi lake limazizira msanga likavundukulidwa, ndipo likasanza tsiku limodzi lokha madzi amatha m'thupi. Kuonjezera apo, makanda ali ndi matenda awoawo obadwa nawo, amene dokotala wa akuluakulu sakumana nawo. Chifukwa cha zimenezi, khanda lobadwa ndi matumbo otsekeka kawirikawiri linkangoyembekezera imfa, ndipo madokotala ambiri ankaona kuti palibe chimene angachitepo.

Ntchito Yake Yoyamba pa Matumbo a Ana

Ladd adasiyana ndi anzake pa chinthu chimodzi: sadavomereze kuti imfa za anawa zidali zosapeweka. Mwana akamwalira, iye ankapita kuchipinda chopimira mitembo kukaona chimene chidalakwika m'thupimo. Ankafananiza zimene waonazo ndi zizindikiro zimene mwanayo adaonetsa ali moyo, kuti mwana wotsatira akabwera ndi zizindikiro zomwezo azindikire msanga. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito ya Ladd idali ya kudekha kotereku.

Limodzi mwa matenda oyamba amene adalimbana nawo ndi lotchedwa intussusception. Pa vutoli, chigawo china cha thumbo chimalowa m'kati mwa chigawo chinzake, monga mmene mkono wa malaya umapindikira m'kati munthu akavula mofulumira. Limagwira kwambiri ana osakwana zaka ziwiri. Mwana amene adali bwinobwino amayamba kulira modzidzimutsa atapinda miyendo, kenaka amakhala chete kwa kanthawi, kenaka n'kuyambiranso. Amasanza, ndipo pambuyo pake amachita chimbudzi cha magazi osakanikirana ndi zonanda. Thandizo likachedwa, magazi amasiya kufika pathumbo lopanikizikalo ndipo limafa.

Ladd adaona kuti ana ambiri ankafa chifukwa chofika mochedwa kwa dokotala wa opaleshoni. Motero adalimbikira kuphunzitsa madokotala anzake kuzindikira vutoli m'maola oyambirira. Mu 1913 adafalitsa pepala la kafukufuku lokhala ndi chithunzi cha X-ray choonetsa vutoli, chojambulidwa atalowetsa mankhwala a bismuth kudzera kumalo ochitira chimbudzi kuti thumbo lionekere. Chaka chimenechi n'chofunika kuchikumbukira chifukwa ngozi ya ku Halifax idali isadachitike. Kudatsala zaka zinayi.

Ngozi ya ku Halifax

Mmawa wa Lachinayi pa 6 Disembala 1917, nkhondo yoyamba yapadziko lonse ili m'kati, sitima ziwiri zidawombana pamalo opapatiza a doko la Halifax m'chigawo cha Nova Scotia. Ina idali Imo ya ku Norway, ndipo inayo idali Mont-Blanc ya ku France, imene idanyamula matani pafupifupi 2,900 a zida zophulika zopita kunkhondo. Mont-Blanc idagwira moto ndipo idayaka kwa mphindi pafupifupi 20. Anthu a mumzindamo sankadziwa chimene chidali m'sitimayo, choncho ambiri adaima pamawindo a nyumba zawo kuonerera motowo, ndipo ana ena amene adali panjira ya kusukulu adaima kuti aone nawo. Nthawi itangopitirira 9 koloko, sitimayo idaphulika. Anthu pafupifupi 2,000 adafa ndipo ena pafupifupi 9,000 adavulala. Magalasi a mawindo adalasa anthu ambiri kumaso ndi m'maso. Tsiku lotsatira kudagwa chipale chofewa chochuluka chimene chidakwirira mabwinja ndi kuchedwetsa obwera kudzathandiza.

Mzinda wa Boston udali umodzi mwa mizinda yoyamba kutumiza thandizo. Ladd adatsogolera gulu la madokotala ndi anamwino a bungwe la Red Cross limene lidafika patangopita masiku ochepa, ndipo adagwira ntchito m'nyumba ya sukulu imene idasandutsidwa chipatala. Kumeneko adasoka mabala ndi kusamalira opsa ndi othyoka, ana ndi akulu omwe. Anthu a ku Nova Scotia sadaiwale thandizoli. Kuyambira mu 1971 akhala akutumiza mtengo wa Khirisimasi ku Boston chaka ndi chaka pofuna kuthokoza.

Palibe angakane kuti zimene Ladd adaona ku Halifax zidamukhudza mtima. Komabe, kunena kuti ndi zimene zidamupanga kukhala dokotala wa ana n'kuiwala kuti panthawiyo adali atagwira kale ntchito pa Children's Hospital zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo adali atalemba kale za matenda a matumbo a ana. Iye mwini, m'kalata imene adalembera dokotala mnzake atakalamba, adafotokoza kuti mtima wake udali pachipatala cha ana kale ngoziyo isadachitike. Ngakhale zili choncho, nkhani ya Halifax ikupitirirabe kufotokozedwa, mwina chifukwa n'kosavuta kukumbukira kuphulika kwa sitima kusiyana ndi zaka zambiri za kulowa ndi kutuluka m'chipinda chopimira mitembo.

Utsogoleri Wake ndi Opaleshoni Yotchedwa Dzina Lake

Mu 1927 Ladd adasankhidwa kukhala mkulu wa madokotala a opaleshoni pa Children's Hospital. Patapita zaka khumi adasiyiratu kuona odwala akuluakulu amene ankamulipira payekha, kuti nthawi yake yonse ikhale ya ana ndi ya kuphunzitsa. M'zaka zimenezi ndi mmene adapeza njira yochizira vuto lotchedwa malrotation, njira imene mpaka lero imadziwika ndi dzina lake.

Vutoli limayamba mwana akadali m'mimba mwa mayi ake. Cha m'sabata ya 6, matumbo amakula msanga kuposa kamimba ka mwanayo, motero amatulukira kumchombo kwa kanthawi. Cha m'sabata ya 10 amabwerera m'kati. Pa ulendo wonsewu amazungulira madigiri 270 mosemphana ndi kayendedwe ka mivi ya wotchi, kenaka amakhazikika pamalo ake. Mwa ana ena kuzunguliraku sikufika pamapeto. Zikatero pamabuka mavuto awiri. Loyamba n'lakuti tizingwe ta mnofu timadutsa pamwamba pa chigawo choyamba cha thumbo, pafupi ndi chifu, n'kuchipanikiza kotero kuti mkaka sudutsa. Lachiwiri, limene ndi loopsa kwambiri, n'lakuti matumbo onse aang'ono amalendewera pa tsinde lopapatiza, m'mene mumadutsa mtsempha waukulu wowapatsa magazi. Matumbowo akhoza kupotokola pa tsindelo monga mmene mayi amapotolera chitenje pochifinya. Magazi akasiya kuyenda, matumbo amafa m'maola ochepa chabe. Chizindikiro chachikulu ndi masanzi obiriwira, chifukwa ndulu imene idayenera kutsika imabwerera m'mwamba.

Madokotala ena asadabwere Ladd ankati akatsegula mimba n'kupeza matumbo osokonekera chotere, ankasowa poyambira. Ladd, m'mapepala amene adalemba mu 1932 ndi 1936, adalongosola zoyenera kuchita mwandondomeko. Choyamba, dokotala atulutse matumbo onse kuti aone bwino, kenaka awapotolole mosemphana ndi mivi ya wotchi. Chachiwiri, adule tizingwe topanikiza tija. Chachitatu, atambasule nembanemba imene imagwira matumbo kuti tsinde lija likhale lotakata, lovuta kupotokolanso. Pomaliza, abwezere matumbo aang'ono kudzanja lamanja la mimba ndi thumbo lalikulu kumanzere. Masiku ano madokotala ambiri amachotsanso apendikisi, chifukwa imakhala pamalo achilendo ndipo ikadzatupa mtsogolo ingasokoneze wopima.

Nzeru ya njirayi ili pa mfundo yakuti Ladd sadayese kuika matumbo pamalo pamene amakhala mwa ana ena onse. Adawasiya pamalo osiyana ndi achibadwa cha anthu ambiri, koma pamalo otetezeka. Cholinga chake sichidali kukonza thupi kuti lifanane ndi chithunzi cha m'buku, koma kuti mwana ayamwe, akule. M'Chingerezi tizingwe tija timatchedwa Ladd's bands ndipo opaleshoniyi imatchedwa Ladd's procedure. Ngakhale madokotala ena tsopano amaichita kudzera pa timabowo ting'onoting'ono mothandizidwa ndi kamera, ndondomeko yake idakali yomweyo.

Ladd adagwiranso ntchito pa matenda ena a m'mimba. Mu 1928 adalemba za makanda obadwa ndi njira ya ndulu yotsekeka, amene amakhala achikasu ndipo chiwindi chawo chimawonongeka, naonetsa kuti ena mwa iwo akhoza kupulumuka njirayo ikalumikizidwa ndi thumbo. Njira yothandiza ana ambiri otere idadzapezeka pambuyo pake ndi dokotala wa ku Japan, Morio Kasai, mu 1959. Pa khansa ya impso ya ana yotchedwa Wilms tumour, Ladd adaphunzitsa kuti chotupacho chichotsedwe kudzera kumimba, ndipo mitsempha ya impso imangidwe msanga chotupacho chisadagwedezedwe, kuti khansa isafalikire m'magazi. Njirayi idachulukitsa ana opulumuka.

Matenda a M'chifuwa

Kutsegula chifuwa cha khanda kudali kovuta kuposa kutsegula mimba, chifukwa chifuwa chikatseguka mapapo amafota ndipo kupuma kumavuta. Koma matenda ena obadwa nawo sakadachizika popanda kufika m'chifuwamo.

Limodzi mwa matendawa ndi lotchedwa oesophageal atresia, limene limapezeka mwa mwana mmodzi pa ana 2,500 mpaka 4,500 obadwa. Njira ya chakudya yochokera kum'mero kupita kuchifu imakhala yoduka pakati. Kawirikawiri chigawo cham'mwamba chimathera panjira ngati kathumba, pamene chigawo cham'munsi chimalumikizana ndi njira ya mpweya. Khanda lotere limatuluka thovu kukamwa, ndipo likangoyamba kuyamwa limatsamwa n'kusintha mtundu chifukwa chosowa mpweya. Mkaka ndi madzi a m'chifu zimalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Vutoli lidalembedwa bwino ndi dokotala wa ku England, Thomas Gibson, mu 1697, koma kwa zaka zoposa 240 ana obadwa chonchi ankafa. Mu 1940 Thomas Lanman, mnzake wa Ladd pa Children's Hospital, adafalitsa lipoti la ana 32 amene chipatalacho chidalandira ndi vutoli. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adapulumuka. Lanman adalemba zonsezi mosabisa kuti ena aphunzirepo.

Kusintha kudayamba kumapeto kwa 1939. Ladd ku Boston ndi N. Logan Leven ku Minnesota, aliyense payekha, adapulumutsa khanda pogawa ntchitoyo m'magawo angapo. Ankaboola pamimba n'kuika kapaipi kodyetsera khandalo molunjika m'chifu. Ankamanga polumikizana njira ya chakudya ndi ya mpweya kuti mapapo atetezeke. Ankatulutsira chigawo cham'mwamba pakhosi kuti malovu azitulukira kunja. Mwanayo akakula pang'ono, ankamupangira njira ina ya chakudya. Ladd ankaipanga ndi khungu la pachifuwa. Idali njira yaitali ndi yowawa kwa mwana ndi makolo, yofuna maopaleshoni ambiri. Mu 1941 Cameron Haight wa ku Ann Arbor, m'chigawo cha Michigan, adakwanitsa kulumikiza zigawo ziwirizo pa opaleshoni imodzi, ndipo njira yakeyo ndi imene idadzafala. Komabe, ana a mu 1939 aja ndi amene adaonetsa koyamba kuti vutoli si chilango cha imfa.

Vuto lina ndi la ana obadwa ndi bowo pa mnofu wopyapyala umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba. Matumbo, ndipo nthawi zina chifu ndi chiwindi, zimakwera m'chifuwa n'kupanikiza mapapo ndi mtima. Madokotala ambiri a nthawiyo ankalangiza kudikira kuti mwana akule, koma ambiri ankafa akudikira. Mu 1940 Ladd ndi wophunzira wake Robert Gross adalemba za ana 16 amene adawachita opaleshoni, ndipo 9 mwa iwo adapulumuka. Lero madokotala amadziwa kuti vuto lalikulu ndi mapapo amene sadakule bwino, choncho amayamba alimbitsa kupuma kwa khandalo asadatseke bowolo. Apa nzeru ya Ladd idakonzedwa ndi obwera pambuyo pake, monga zimakhalira pa ntchito iliyonse ya sayansi.

Kusamvana Kwake ndi Robert Gross

Mbiri ya Ladd siingathe popanda kutchula Robert Gross, amene adabadwa mu 1905 ku Baltimore. Gross adali wophunzira wake waluso kuposa onse, ngakhale ankaona ndi diso limodzi lokha, chinthu chimene adachibisa pafupifupi nthawi yonse imene adagwira ntchito. Chimene chidawagawanitsa awiriwa chidali kamtsempha kakang'ono ka m'chifuwa.

Mwana akakhala m'mimba sapuma ndi mapapo ake. Pali kamtsempha kotchedwa ductus arteriosus kamene kamalumikiza mtsempha wopita kumapapo ndi mtsempha waukulu wopita kuthupi lonse, kuti magazi azilambalala mapapowo. Mwana akabadwa kamtsemphaka kamatsekeka kokha m'masiku ochepa. Mwa ana ena kamakhalabe kotseguka, motero magazi ambiri amabwerera kumapapo, mtima umagwira ntchito yopyola muyeso, ndipo ambiri ankafa asadafike pa uchikulire. Dokotala wina wa ku Boston, John Munro, adanenapo mu 1907 kuti kamtsemphaka kakhoza kumangidwa. Mu 1937 dokotala wina mumzinda womwewo adayesa, koma wodwalayo adamwalira patapita masiku ochepa.

Gross adakonzekera poyeserera pa agalu ndi pa mitembo, mogwirizana ndi dokotala wa ana John Hubbard. Ankadziwa kuti Ladd sakadamulola kuchita opaleshoni yotere pafupi ndi mtima, choncho adadikira mpaka mkulu wakeyo atapita kutchuthi. Pa 26 Ogasiti 1938 adatsegula chifuwa cha mtsikana wa zaka 7 n'kumanga kamtsemphako ndi ulusi. Amene adagonetsa mwanayo adali namwino Betty Lank. Mtsikanayo adachira ndipo adakhala ndi moyo mpaka ukalamba. Opaleshoniyi imawerengedwa ngati chiyambi cha maopaleshoni a matenda a mtima obadwa nawo.

Ladd atabwerako n'kumva zimene zidachitika, adakwiya kwambiri, ndipo ubale wa awiriwa sudabwererenso mwakale. Tikhoza kumumvetsa mbali ina. Iye ndi amene adali ndi udindo pa mwana aliyense wogonekedwa m'chipatalamo, ndipo mtsikanayo akadafa, funso likadapita kwa iye. Moyo wake wonse adauika pa kusamala ndi kuchita zinthu mwandondomeko, ndipo apa wophunzira wake adamuzembera. Koma mbali inayo n'njakuti kusamala komweko, kumene kudapulumutsa makanda ambiri, kukadachedwetsa chithandizo cha ana odwala mtima. Ndipo kusunga mkwiyo kwa zaka zambiri chifukwa cha opaleshoni imene idayenda bwino kukuonetsa kuti padalinso kunyada. Paja amati atambala awiri salira m'khola limodzi.

Chodabwitsa n'chakuti kusamvanaku sikudawaletse kugwirira ntchito limodzi. Mu 1941 adatulutsa buku lotchedwa Abdominal Surgery of Infancy and Childhood, limene lidasonkhanitsa zimene chipatalacho chidaphunzira pa matenda a m'mimba mwa ana. Bukuli lidakhala maziko a maphunziro a opaleshoni ya ana ku America ndi kumayiko ena. Mfundo yake yaikulu idali yomwe Ladd adaigwira kuyambira pachiyambi, yakuti mwana ali ndi thupi lakelake ndi matenda akeake, ndipo afunika dokotala amene adaphunzira za iye.

Kupuma Pantchito ndi Imfa Yake

Mu 1941 sukulu ya Harvard idakhazikitsa mpando wa pulofesa wa opaleshoni ya ana wotchedwa dzina la Ladd, ndipo iye mwini ndi amene adayamba kuukhala. Adapuma pantchito mu 1945. Sadafune kuti Gross alowe m'malo mwake, ndipo padapita zaka ziwiri Gross asadapatsidwe mpandowo mu 1947. Mu 1953 Gross adatulutsa buku lalikulu lofotokoza maopaleshoni a m'mimba, m'chifuwa ndi a mtima, lokhala ndi dzina lake lokha.

Ophunzira a Ladd adamwazikana m'zipatala za America ndi Canada n'kukayambitsa nthambi za opaleshoni ya ana. Mmodzi mwa iwo, Orvar Swenson, adapeza mu 1948 njira yochizira matenda a Hirschsprung, pamene chigawo chakumapeto cha thumbo lalikulu chimakhala chopanda timinyewa tochiyendetsa ndipo mwana amalephera kuchita chimbudzi. Mu 1954 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics lidakhazikitsa mendulo ya William E. Ladd, imene imaperekedwa kwa madokotala amene achita zazikulu pa ntchitoyi.

Ladd adamwalira pa 19 Epulo 1967 ku Chestnut Hill, kufupi ndi Boston, ali ndi zaka 86. Adafa ntchito imene adaiyamba isadavomerezedwe mokwanira, pakuti ku America mayeso apadera a madokotala a opaleshoni ya ana adayamba m'zaka za m'ma 1970. Gross adamwalira mu 1988.

Mawu Omaliza

Nkhani ino yafotokoza moyo wa William Ladd kuchokera ku Milton mpaka pa imfa yake. Taona kuti masiku awiri amatchulidwa kwambiri m'mbiri yake: tsiku limene sitima idaphulika ku Halifax ndi tsiku limene Gross adamanga kamtsempha ka mtsikana wa zaka 7. Pa tsiku loyambalo Ladd adali atayamba kale ntchito yake, ndipo pa lachiwirilo adali kutchuthi. Ntchito yake yeniyeni idachitika m'masiku ena onse amene sakumbukiridwa, pamene ankapima, kufananiza, kulemba ndi kuphunzitsa. Ngakhale kulimba mtima kwa Gross kudaphukira pachipatala chimene Ladd adachikonza, pamene anamwino ndi madokotala adali atazolowera kale kugonetsa mwana, kumufunditsa ndi kuwerengera magazi ake.

Ladd adali ndi zofooka zake, ndipo zina mwa njira zake zidasiyidwa pamene zabwino zidapezeka. Koma mfundo imene adaimenyera idafika kutali. Kuno kwathu, chipatala cha Mercy James, chochitira maopaleshoni a ana, chidatsegulidwa mu 2017 pa Queen Elizabeth Central Hospital mumzinda wa Blantyre, ndipo maziko ake ndi ganizo lomwelo lakuti mwana afunika malo, zipangizo ndi madokotala akeake. Phunziro lina la Ladd silifuna digiri kuti munthu aligwiritse ntchito. Khanda likasanza zobiriwira, si nkhani yodikira kuti kuche kapena yoyamba kufunsa kwa anansi. Mwina matumbo ake apotokola, ndipo maola ochepa ndi amene amalekanitsa mwana amene adzakula ndi amene sadzakula.